Lole ya a Phiri, Maso a Nabanda

Chaka chimene ndidayamba ntchito

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zaka zonse zija ndinkagulitsa chiyani, poti simudandionepo nditasenza katundu. Agogo anu adapita kumanda asakumvetsa. Iwo ankauza anzawo kuti mwana wawo amagulitsa mapepala kwa anthu amene sadachite ngozi, ndiye akaichita ngoziyo iye n'kubisala. Sindinkawatsutsa kwambiri, chifukwa anzanga ena pantchito ankaterodi. Ndidalowa m'kampani ya inshuwalansi ku Lilongwe nditangosiya uphunzitsi wogwirizira, ndipo adandiika pa tebulo la magalimoto pansi pa Bwana Matewere, bambo wamfupi wolankhula motsitsa mawu, amene ankakhulupirira kuti dalaivala aliyense ndi wabodza kufikira tsiku loikidwa m'manda. Iwowa ndi amene adandiphunzitsa kuti inshuwalansi ndi kusonkherana. Eni magalimoto ambiri amaponya kangachepe m'thumba limodzi, kuti mmodzi wa iwo akaphwanya galimoto kapena akavulaza munthu pamsewu, thumbalo lilipire.

"Ndiye iwe Mwale," ankatero akugogoda tebulo ndi cholembera, "ndiwe mlonda wa thumba. Ukalowetsamo munthu amene ukudziwa kuti mawa akagunda, wabera anzake onse. Komanso wamulimbitsa mtima kuti apite akagunde."

Madalaivala okayikitsa analipo amitundumitundu: anyamata ongolandira laisensi magazi akadali owira, akuluakulu okonda kachasu, ndi ena oti chaka sichitha osamva kuti agwetsa mpanda wa eni. Otere tinkawakwezera ndalama ya pachaka, kapena kuwaikira malamulo, ndipo zikanyanya tinkawakana. Wokanidwa ankasowa kapepala komata pagalasi kaja, ndipo popanda iko apolisi apamsewu salola galimoto kudutsa. Ine kukana ndidakuzolowera msanga. Ndinali mnyamata, ndipo anthu amene ndinkawakanawo ndinkangowadziwira pa mapepala.

Chaka chimene Tamandani adabadwa

Iwe Tamandani uli ndi miyezi yochepa, adanditumiza ku Mponela kuti ndizikayang'anira Dowa ndi Ntchisi. Ofesi yake inali kachipinda kuseri kwa golosale, tebulo limodzi, mipando iwiri, ndi njinga yamoto imene inkadwaladwala kuposa mwini wake. Mayi anu adalira, ati tikupita kutchire. Kwathu, monga mukudziwa, n'kosalala, mlendo umamuonera patali. Choncho tsiku loyamba kukwera zitunda za kwa Msakambewa ndidazima injini pamwamba n'kungoti kakasi. Phiri kuseri kwa phiri, lina kuseri kwa limenelo, midzi itamatirira m'mbali mwake, minda itapendekeka moti unkadabwa kuti wolimayo amaponda pati. Msewu unali wopapatiza, mbali iyi khoma la dothi, mbali inayo phompho. Ndidadziuza kuti Bwana Matewere akadafika kuno akadakana aliyense woyendetsa galimoto, ndi ine ndemwe.

Zaka zimenezo zosowa zinali zambiri. Mafuta ankatha, ine n'kumapalasa njinga yobwereka mpaka ku Bowe. Nthawi zina timapepala tomata tinkachedwa kuchokera ku likulu, ndiye anthu ankandilawirira pakhomo ngati ndadya mbuzi yawo. Koma dzinja likafika, vuto lalikulu linali msewu. Magalimoto ambiri ankabwerera pa Dowa boma kapena pa Ntchisi boma, osayerekeza kulowa m'mapiri. Imene inkalowa inali lole yaing'ono yobiriwira ya a Yotamu Phiri. Feteleza ankakwera ndi iyo, mbatata ya kachewere ndi mabelo a fodya zinkatsika ndi iyo, ndipo mayi akavutika pobereka, kapena maliro akachitikira kuchipatala, anthu ankathamangira kwa a Phiri. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wosamwa, ndipo chiyambire kuyendetsa anali asadagundepo ngakhale nkhuku. Chaka chilichonse ankabwera ku ofesi atavala jekete, akazi awo a Nabanda ali pambuyo, ndipo ine ndinkawalembera mosakayika.

Dzinja limene iwe Chisomo udayamba sukulu

Zidayamba pang'onopang'ono. Lole idakhula ngolo ya ng'ombe. Kenako idagwetsa chipilala cha geti pa sukulu ina. Kenako idapama bambo wina wa panjinga amene ankatuluka m'kanjira ka m'mbali, ndipo adathyoka mkono. Kampani idalipira zonsezi, koma nthawi yokonzanso inshuwalansi itayandikira, Bwana Matewere adandiimbira foni.

"Mkulu wa mpingo wakoyo wayamba kulawa," adatero.

"Bwana, munthu ameneyu ngakhale thobwa lowawasa salifuna."

"Ndiye pita ukaone chamulowa. Ukati timulandire, timulandira. Ukati ayi, ndi ayi. Koma dzina likhala lako."

Ndidasiya njinga kwa mphunzitsi wina kwa Msakambewa n'kupempha a Phiri kuti anditenge popita ku Ntchisi boma ndi matumba a mbatata. Mvula inali itagwa masiku angapo, ndipo nkhungu inali isadachoke m'zigwa. Nditafuna kukhala pakati, a Nabanda adandigwira mkono. Anali mayi wojintcha, wa maso akuthwa, wosaseka wamba. "Ayi, a Mwale, inu alendo khalani kuwindo mupitidwe mphepo. Pakatipa m'panga."

Tisadatuluke n'komwe m'mudzi, mayiwo adayamba kulankhula. "Mwana kumanzere, waima. Mbuzi ziwiri kumanja, imodzi ndi yopusa. Njinga ikutuluka pa mango apo." A Phiri osayankha. Ine mumtima ndidati, kalanga ine, bambo ameneyu chamusokoneza ndi pakamwa pa mkazi, ndipo ndidayamba kuganiza mmene ndikalembere nkhani yotere mwaulemu. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Titayenda ndithu ndidazindikira kuti mayiwa sakulongolola. Mawu awo anali osakwera, osatsika, ndipo liwu lililonse likatuluka, phazi kapena dzanja la a Phiri linkayankha nthawi yomweyo. Akati mbuzi, phazi lachoka pamoto. Akati yadutsa, lole yapitirira. Dzanja lawo lamanja linali pa bondo la amuna awo, ndipo silidachokepo ulendo wonse.

Kenako tidafika pa mtsetse wautali wotsikira ku kamtsinje, pamene pali mlatho wamatabwa wopanda zogwirira. Dothi linali loterera ngati therere. Lole idayamba kuvina chakumbuyo, matumba akulemera, ndipo ine poyang'ana pawindo langa sindidaone msewu ayi, ndidangoona nsonga za mitengo pansi. Ndidagwira chitseko n'kuyamba kutchula maina anu mumtima. Koma a Nabanda mawu ali omwe aja. "Phompho kumanzere, pafupi. Kumanja pang'ono. Basi. Gwirani pomwepo, Aphiri. Kumbuyo kwabwerera. Matabwa ayamba, tayala lili pakati. Pitani." A Phiri sadaponde buleki mwamphamvu ngakhale kamodzi. Ankangoigwira lole ndi giya, maso ali dwii kutsogolo, khosi losatembenuka. Matabwa adalira, madzi ofiira akukokoma pansi pathu, ndipo tidapezeka tili tsidya. M'moyo wanga ndaona anthu oimba limodzi ndi olima limodzi, koma awiri ogwirizana chotero, mpaka kupuma kwawo kumveka kumodzi, ndinali ndisadawaone. Ndidachita mantha, ndipo kunena zoona ndidachitanso nsanje.

Pa chikweza cha tsidyalo adaima kuti injini ipume, tonse n'kutsika. Panali mayi wowotcha chimanga chachiwisi. Ndidagula, ndipo chimodzi ndidapereka kwa a Phiri nditaima pambali pawo, dzanja langa lili pafupi ndi tsaya lawo. Sadalandire. Ankangoyang'ana kutsogolo akupukuta thukuta. Ndidagwedeza chimangacho, iwo osachiona. Mpaka a Nabanda atanena kuti, "Aphiri, alendo akukupatsani chimanga," m'pamene adatembenuza mutu wonse n'kundipeza. Ine ndi a Nabanda tidayang'anana, ndipo adadziwa kuti ndadziwa.

"Zidayamba liti, bambo?" ndidafunsa.

A Phiri adakhala pa mwala. "Papita ndithu. Tidapita kwa dokotala wa maso. Ine ndinkati ndi ng'ala, achotsa. Adati ayi, mitsempha ikufa, ndipo yakufayo sidzuka. Kutsogoloku ndimaona bwinobwino, a Mwale, koma ngati munthu wosuzumira m'bango. M'mbalimu ndi mdima."

"Nanga ngolo ija, ndi bambo wa panjinga uja?"

"Masiku amenewo ine kunalibe," adayankha a Nabanda. "Lina ndinali kumaliro, lina ndinkadwala malungo. Ndidawaletsa, koma anthu akabwera n'kugwada pakhomo, awa satha kukana. Ine ndikakhalapo sitigunda. Mwaona nokha."

"Ndaonadi, mayi."

"Ndiye mukalembe zimene mwaona."

Sabata imeneyo chakudya sichinkandilowa, mayi anu angachitire umboni. Ndikadatha kulemba kuti ndakwera loleyo ndipo yayenda bwino, ndipo silikadakhala bodza. Kuwakana kunali kuimitsa lole, kusowetsa pogwira banja la a Phiri, ndi kubwezera midzi ya m'mapiri ku zonyamula odwala pa machira. Akulu awiri a mpingo adabwera kunyumba kudzandikumbutsa zimenezi, ngati kuti ndaiwala. Mmodzi adati, "A Mwale, munthu wathandiza dera lonse, lero mumutaye ngati khasu lothyoka?" Koma m'mutu mwanga munkangobwera mafunso omwewo. Nanga tsiku limene a Nabanda adzayetsemule pa mtsetse uja? Nanga bango lija likadzapitirira kuchepa? Malungo sapempha chilolezo, ndipo anthu ogwada pakhomo sadzatha. Bambo wa panjinga adathyoka mkono, wotsatira akadatha kukhala mwana wa sukulu.

Sindidafune kuti akamvere m'kalata. Ndidakwera njinga kupita kwawo, ndipo ndidawapeza akumanga zingwe pa lole. Ndidawauza pamaso kuti kampani siwalandiranso, kuti amene wanena zimenezo ndine, ndipo kuti ngakhale atapeza kampani ina yowalandira, ine ndikuwapempha ngati mwana wawo kuti asagwirenso chiwongolero. A Phiri adamasula chingwe chimene anali atamanga n'kuchikulunga bwinobwino. "Mwana iwe," adatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe, "ndidayamba kukwera mapiri ano iwe ukuyamwa." Adalowa m'nyumba. A Nabanda adandiperekeza mpaka pa njinga, kenako adandifunsa funso limene ndidaliyesa lopanda mutu.

"Kodi kampani yanuyo yakana lole, kapena yakana munthu?"

"Yakana munthu, mayi."

"Chabwino. Muyende bwino."

Zilimwe ziwiri zotsatira

Lole idakwezedwa pa miyala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikira m'kati. M'dzinja lotsatira mayi wina woyembekezera adanyamulidwa pa machira kutsika phiri lonse. Adafika kuchipatala ali moyo, koma nkhaniyo anthu ankandiuza akundiyang'ana m'maso. Pa msonkhano wina wa mpingo ndidapita kukapereka moni kwa a Phiri, ndipo manja awo sadatuluke m'thumba. "Pepani," adatero, "paja mudanena nokha kuti sindiona." Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo, koma zidandiwawa. Za a Nabanda ndinkangomva kuti akukhalitsa ku Lilongwe kwa mwana wawo wamkazi, ndipo amiseche ankati banja latha limodzi ndi lole.

Tsiku lina m'nyengo yotentha ndidamva "Odi!" pakhomo la ofesi. Anali a Nabanda, okha. Adakhala pa mpando, adamasula mfundo ya chitenje, n'kuika laisensi patebulo. Ndidaitembenuza uku ndi uku. Chithunzi chinali chawo ndithu.

"Mayi, iyi ndi ya lole!"

"Nanga pa miyala paja pali njinga?" adatero. "Kusukulu yoyendetsa galimoto ku Lilongwe adayamba andiphunzitsa kagalimoto kakang'ono, kenako chachikulu. Mayeso ndidalephera, ndidabwereza, ndidalepheranso. Tianyamata ta kusukuluko tinkanditcha agogo. Ndidati sekani, koma ine msewu ndidauloweza kale ndi maso, chatsala ndi mapazi okha. Paja mudati mwakana munthu. Munthu wina ndi uyu."

Mayi wa zidzukulu, amene sukulu adalekeza atangodziwa kuwerenga Baibulo! Ndidaimbira Bwana Matewere iwo ali pomwepo, ndipo nditafotokoza ndidamva akuusa moyo.

"Mwale, mayi wachikulire, laisensi ya dzulo, lole yokalamba, misewu ya ku Ntchisi. Zonse zimene ndidakuphunzitsa kukana wandipakulira m'mbale imodzi."

"Zoona, bwana. Pa pepala ndi wokayikitsa kuposa onse. Koma ine ndidakhala nawo m'lole, ndipo ndikuti tiwalandire."

"Amuna awo udawakana ndiwe."

"Eya, bwana. Zonse ziwirizi ndidazionera ulendo umodzi."

Kenako adaika malamulo awo. Ndalama ya pachaka ikwere. Lole iziyenda dzuwa lili kunja. Pamwamba pa katundu pasakwere munthu. Ndipo a Phiri asakhudze chiwongolero ngakhale pabwalo la nyumba yawo. "Akakagunda, ubweretse makiyi a njinga, ukapume kwanu," adamaliza choncho. Nditawafotokozera a Nabanda, adangoti, "Muwauze kuti lamulo lomalizalo asavutike nalo, ndilisunga ndekha."

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho

Ulendo wawo woyamba wa m'mapiri adanditumira uthenga kuti ndikakwere nawo. Tidanyamuka pa Ntchisi boma ndi matumba a feteleza, a Nabanda pachiwongolero, ine pakati, a Phiri kuwindo, ndodo ili pakati pa miyendo. Maso awo anali atatheratu tsopano, ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Moni wawo unali waufupi: "Mwabwera, a inshuwalansi." A Nabanda ankayendetsa mofatsa, khosi likutembenuka ngati la nkhanga, anthu m'midzi akutuluka m'nyumba kudzaonerera, amayi akuimba nthungululu. Pa chikweza china giya idakhuluzika.

"Nabanda, giya imeneyo si mtondo," adatero a Phiri.

"Khalani chete, Aphiri. Malamulo a kampani."

Adakhaladi chete, koma ndinkaona mapazi awo akuponda pansi pamene panalibe buleki, ndi manja akupotoza mphepo pamwamba pa maondo. Pa mlatho wamatabwa a Nabanda adawoloka osalankhula ndi munthu. Titafika pamwamba pa chitunda chachikulu adaima kuti akaone zingwe. Mvula inali itangokata. A Phiri adandipempha kuti ndiwatsitse, ndipo titaponda pansi sadasiye mkono wanga.

"Tili pamwamba penipeni, eti? Ndamvera injini."

"Eya, bambo."

Adakhala kanthawi nkhope ili kumphepo. "Mukudziwa, a Mwale, ine pano ndakwera kuyambira unyamata wanga. Anthu amene ndinkawanyamula akafika pano ankati, ha, taonani kukongola! Ine osacheuka. Maso pamsewu basi, dzenje, mwala, phompho. Ndinkati ndidzayang'ana ndikadzapuma." Adaseka pang'ono. "Ndapuma tsopano. Tandiuzani, kukuoneka bwanji?"

Ine amene ntchito yanga yonse inali yofotokoza mabampala opindika ndi magalasi osweka, ndidayamba. Ndidawauza kuti patsogolo pathu pali phiri la Ntchisi, nkhalango yake yakuda bii, mtambo utagona pamwamba pake. Kuti pansi pathu zitunda zikutsatana mpaka kumene diso likulephera, zapafupi zobiriwira ndi msipu watsopano, zakutali zotuwa ngati utsi. Kuti m'chigwa china mvula ikugwabe pamene china chili pa dzuwa, ndipo malata a tchalitchi chawo akung'anima. Kuti anthu angoti balala m'minda kubzala, ndipo msewu wawo ukuoneka wonse, wofiira, kuchokera kumlatho kudzafika pamene taimapa. Misozi inkatsika m'masaya mwawo, osaipukuta, ndipo yanganso inali pafupi. A Nabanda anali atamaliza za zingwe, koma adaima chapatali osatiitana.

Nditasiya kulankhula, a Phiri adandifinya mkono.

"Musathamange, mwana wanga," adatero. "Yambiraninso pa phiri paja."